Mbiri ya Madamu a Dothi m'Chidikha cha Lilongwe

Madamu a dothi amene ali m'madambo a kumadzulo ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe, kuchokera ku Mpingu ndi ku Namitete kukafika ku Nsaru, kwa Kabudula ndi ku Nambuma, ambiri mwa iwo ndi akale kuposa alimi amene akuthirira mbewu ndi madzi ake lero. Kamangidwe kake n'kosavuta: khoma la dothi lotalika mamita 3 mpaka 6 lopingasa dambo, ngalande yotayira madzi chapambali, ndipo pena paipi imodzi yodutsa pansi pa khomalo. M'Malawi monse muli madamu ang'onoang'ono otere oposa 700, ndipo ochuluka anamangidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1950 kufika m'ma 1980, ena ndi boma, ena ndi eni maesiteti a fodya, ena ndi mamishoni. Amene anawamanga anachokapo kalekale. Madamuwo akusungabe madzi, ndipo kumunsi kwake kwadzaza madimba, milatho ndi nyumba zimene kunalibe pamene ankamangidwa.

Dera limeneli ndi chidikha chokwera mamita 1,000 mpaka 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere. Mvula imagwa kuyambira mu Novembala mpaka mu Epulo, mamilimita 800 mpaka 1,000 pa chaka, kenako kumauma miyezi 6 kapena 7. Mitsinje ya kumadzulo, monga Namitete, imathira mu Bua, pomwe Likuni ndi Lingadzi imathira mu Lilongwe, umene umachokera ku mapiri a Dzalanyama n'kukathira mu Linthipe. Pakati pa mitsinje ikuluikuluyi pali madambo osawerengeka, otambalala, a dothi lakuda la makande, amene amadzaza madzi m'dzinja n'kung'aluka m'chilimwe. Malo otere amakopa womanga damu, chifukwa dothi lomata lili pompo ndipo khoma lalifupi limagwira madzi pamalo aakulu. Vuto lake n'lakuti madziwo amakhala osaya, ndipo dzuwa ndi mphepo zimaphwetsa mita imodzi ndi theka kapena kuposa pa chaka. Damu lakuya mamita 3 limafika mu Okutobala, mwezi umene likufunika kwambiri, litatsala kadziwe chabe pafupi ndi khoma.

Achewa a m'derali ankalima m'madambo azungu asanabwere. Ankakumba zitsime zosaya m'madimba, n'kumadzala chimanga, maungu, nyemba ndi nzimbe pa chinyontho chotsalira mvula ikatha. Timitsinje ankatitchinga ndi mipanda ya bango kuti atchere miono, koma kuunjika dothi kuti madzi a dzinja adikire chilimwe sikunali m'chikhalidwe chawo, ndipo panalibenso chowakakamiza, poti anthu anali ochepa ndipo maiwe achilengedwe sankauma. Dziwe lililonse linali m'manja mwa mwini mudzi. Ena mwa maiwewo anali opatulika, monga lija la ku Msinja m'mphepete mwa Dzalanyama, kumene Makewana ankatsogolera nsembe zopempha mvula, ndipo pamalo otere munthu sankadula mtengo kapena kumwetsa ziweto mwachisawawa. Madzi oima, kalelo, anali ndi woyang'anira wodziwika ndi malamulo amene mwana aliyense ankakula akuwadziwa.

Chimene chinayamba kusintha zinthu ndi fodya. Cha m'ma 1920 A. F. Barron anatsegula esiteti ya Mbabzi kumpoto chakumadzulo kwa Lilongwe, ndipo iye ndi mnzake R. W. Wallace anayamba kugawira alimi a m'midzi mbewu ya fodya wa chikopa n'kumawagula masamba ake. Ulimiwu unafalikira msanga moti mu 1926 boma la atsamunda linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board kuti liziuyendetsa. Fodya amafesedwa pa nazale mu Seputembala kapena Okutobala, dziko lili gwaa, ndipo mbande zimafuna kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo kufikira nthawi yowokera. Mlimi wa ekala imodzi ankakwanitsa ndi chitsime cha kudambo. Mwini munda waukulu, wa mabedi mazanamazana, sakanatha popanda madzi osungidwa.

Boma linalowapo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Lamulo la zachilengedwe la 1946 linapatsa akuluakulu a zaulimi mphamvu zokakamiza anthu kupanga mizere yopingasa, milambala ndi ngalande zoteteza nthaka. Kenako kunagwa njala ya 1949, imene inapha anthu makamaka m'chigawo chakumwera, ndipo bwanamkubwa Geoffrey Colby, amene analamulira Nyasaland kuyambira 1948 mpaka 1956, anaika ndalama zambiri pa ulimi ndi madzi. Malo ofufuzira zaulimi a Chitedze, makilomita 16 kumadzulo kwa Lilongwe pa msewu wa Mchinji, ndi a nthawi yomweyo. M'zaka za m'ma 1950, Richard Kettlewell ali mkulu wa nthambi ya zaulimi, boma linamanga madamu ang'onoang'ono m'maboma angapo a pakati ndi kumpoto. Cholinga chake chinali kumwetsa ng'ombe, kupereka madzi ku madipi, kuchepetsa liwiro la madzi m'madambo, ndi kuweta nsomba pang'ono. Ulimi wothirira sunali m'maganizo a ambiri mwa omangawo, n'chifukwa chake madamu ochuluka a nthawi imeneyo alibe paipi yotulutsira madzi.

Kamangidwe ka damu la dothi kanali kofanana kulikonse, ndipo n'kofunika kukadziwa chifukwa matenda a damu lokalamba amayambira pomwepo. Poyamba ankapala udzu, mizu ndi dothi lapamwamba pamalo pokhala khoma. Kenako ankakumba ngalande yotsata utali wa khomalo mpaka atapeza dothi losalowa madzi, n'kuikwirira ndi dongo lonyowa pang'ono, kuti madzi asamadutse pansi. Khoma lenileni ankalikweza pang'onopang'ono: kuthira dothi lokwana masentimita 15, kuwaza madzi, kutsindira ndi mathirakitala, ng'ombe kapena zipika za mitengo, n'kuthiranso lina. Mbali yoyang'ana kumadzi inkakhala yotsetsereka mofatsa kuposa ya kumunsi, ndipo mbali zonse ankadzalamo kapinga. Chomaliza, chomwenso chili chofunika kuposa zonse, chinali ngalande yotayira madzi, yokumbidwa pa nthaka yolimba kumapeto kwa khoma, yotsika mita imodzi kapena kuposa poyerekeza ndi pamwamba pa khomalo. Damu likadzaza, madzi amatulukira m'ngalandemo n'kukabwerera mumtsinje chakumunsi. Madzi sayenera kudutsa pamwamba pa khoma la dothi ngakhale kwa ola limodzi, chifukwa amayamba kulikokolola kuchokera kumbuyo mpaka kuling'amba.

Madamu a boma anabwera pamodzi ndi malamulo a malimidwe, amene anthu ankadana nawo kwambiri. Wosapanga mizere yovomerezeka ankalipitsidwa chindapusa, pena kumuzulira mbewu kapena kumutsekera, ndipo chipani cha Nyasaland African Congress chinapeza otsatira ambiri m'midzi chifukwa cha mkwiyo umenewu. Mudzi sunkafunsidwa kuti damu likhale pati. Anthu ankamwetsa ng'ombe pamenepo, kuchapa ndi kuwedza, koma m'kamwa mwawo linali damu la boma, ndipo likawonongeka ankadikira boma. Maganizo amenewa akhalitsa kuposa atsamunda amene anawayambitsa.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, ulimi wothirira wa boma unalunjika kwina. Masikimu a mpunga amene anatsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi m'ma 1970 mothandizidwa ndi akatswiri a ku Taiwan, monga Likangala, Domasi, Bua, Limphasa, Hara ndi Wovwe, anali m'madera otsika a m'mphepete mwa nyanja. Ku Lilongwe damu lalikulu loyamba linali la madzi akumwa: Kamuzu Dam I, lomangidwa mu 1966 pa mtsinje wa Lilongwe ku Malingunde, losunga malita pafupifupi 4.5 biliyoni, pokonzekera kusamutsa likulu la dziko kuchoka ku Zomba, zomwe zinachitika mu 1975. Mu 1969 kunabwera lamulo la madzi limene linakhazikitsa Water Resources Board, yopereka ziphaso kwa ofuna kupatutsa kapena kutchinga madzi. Chidwi cha lamulolo chinali pa kagawidwe ka madzi, kuti wakumtunda asamane wakumunsi. Funso loti khoma lomangidwa kale lili bwanji, ndipo ndani aziliyendera, silinapatsidwe malo enieni.

Chitukuko chimene chinasintha nkhope ya kumadzulo kwa Lilongwe ndi Lilongwe Land Development Programme, chimene chinayamba mu 1968 ndi ngongole ya World Bank. Pomafika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 chinali chitakuta mahekitala oposa 400,000 ndi mabanja pafupifupi 100,000. Chinalambula misewu, chinakumba mijigo ndi ngalande zazitali zopatutsa madzi a mvula, chinamanga misika, nyumba za alangizi ndi nkhokwe za feteleza m'malo monga Nsaru, chinatsegulanso famu ya ng'ombe ku Dzalanyama. Maso ake anali pa chimanga ndi mtedza wolima ndi mvula, ndipo pa nkhani ya madzi chinadalira mjigo kuposa damu. Komabe chinasiya chinthu chimodzi chokhudza madamu mpaka lero. Potsatira malamulo a malo a 1967, minda ya m'derali inayezedwa n'kulembedwa m'kaundula m'dzina la banja, kudzera mwa woimira banjalo, m'dongosolo lotchedwa ndunda. Madambo sanagawidwe chotero. Anatsala a mudzi wonse, moyang'aniridwa ndi mfumu. Choncho munda wa kumtunda unapeza mwini wolembedwa papepala, pomwe damu la m'dambo linatsala la aliyense. Mu 1978 ntchito za chitukukochi zinalowa mu dongosolo latsopano la zigawo zaulimi, pansi pa Lilongwe ADD.

Nyengo yachiwiri yomanga madamu inali ya maesiteti. Pansi pa Dr. Kamuzu Banda, fodya wa bale ndi wa fuluu ankaloledwa kulimidwa pa maesiteti okha, ndipo nduna, akuluakulu a m'boma ndi amalonda analimbikitsidwa kutsegula minda ndi ngongole za kubanki. Maesiteti anachuluka kuchoka pa 1,200 kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kufika poposa 14,000 pomatha zaka za m'ma 1980, ngakhale ochuluka mwa omalizawo anali aang'ono. Esiteti yokulirapo inkafuna damu la nazale, ndipo ambiri mwa madamu amenewa anaunjikidwa ndi woyendetsa chigalimoto chokankha dothi m'masabata ochepa, popanda injiniya woyeza kukula kwa dera lothira madzi m'damulo. Ena anamangidwa motsatizana pa dambo limodzi, moti la kumtunda likagumuka madzi ake onse amakagwera la kumunsi. Alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima bale kuyambira mu 1990, matenanti anachepa, mitengo inayamba kugwa, ndipo maesiteti ambiri anafooka. Ena anagulitsidwa, ena anagawidwa pakati pa ana, ena anthu oyandikana nawo anangoyamba kulimamo. Damu linatsalira amene ali pafupi nalo. Mapulani ake, ngati analipo, anapita ndi bwana wakale.

Nthawi yomweyo ntchito za boma kumidzi zinkachepa. Madipi ambiri analeka kugwira ntchito m'zaka za m'ma 1990, ndipo ogwira ntchito amene ankapita kukatchetcha ndi kukwirira makoma a madamu a pafupi nawo sanalowedwe m'malo. Chodabwitsa n'chakuti madamuwa anayamba kufunika kwambiri nthawi yomwe anasiyidwayo. Chilala cha 1992, njala ya 2002 imene inakantha kwambiri chigawo chapakati, ndi ina ya 2005, zinachititsa boma ndi mabungwe kulimbikitsa ulimi wa m'chilimwe. Lamulo la ulimi wothirira la 2001 linatsegula njira yoti alimi apange mabungwe awo oyendetsa masikimu ndi kutolera ndalama zokonzera. Mathiredo pampu anagawidwa ambirimbiri, ena kudzera mwa aphungu, ndipo pambuyo pake kunabwera mapampu a petulo ndi a sola. Mzinda wa Lilongwe, umene unali ndi anthu osakwana 20,000 mu 1966, unali ndi anthu pafupifupi 990,000 pa kalembera wa 2018, onsewo ofuna tomato, kabichi, anyezi, mpiru ndi dowe chaka chonse. Damu limene linamangidwira ng'ombe linasanduka mutu wa sikimu. Madamu ena anakonzedwa ndi makasu ndi mawilibala pa ntchito za thumba la chitukuko la MASAF ndi za mabungwe, zimene zinathandiza kuchotsa matope, koma nthawi zambiri dothi lowonjezera pa khoma linkangothiridwa osatsindira.

Damu la dothi limakalamba m'njira zingapo nthawi imodzi. Yoonekera kwambiri ndi matope. Mitengo ya kumtunda itatha chifukwa cha zigafa, makala ndi minda yatsopano, ndipo anthu atayamba kulima mpaka m'mbali mwa dambo, mvula iliyonse imatsitsira dothi m'damu. Mlimi amadandaula kuti madzi achepa, ndipo akunena zoona, koma palinso choopsa china: damu lodzaza matope silichedwa kudzaza, motero madzi a mvula yamphamvu amathamangira ku ngalande yotayira onse nthawi imodzi. Dera la kumtunda lopanda udzu limatsitsanso madzi ambiri ndi mofulumira kuposa mmene omanga a m'ma 1950 anawerengera.

Khoma nalo limatsika. Dothi limakhazikika pakapita zaka, ndipo pamwamba pa khoma, pokhala pouma chaka chonse, pamasanduka njira yowolokera dambo. Ng'ombe, ngolo, njinga ndi njinga zamoto zimadya pakati pa khomalo mpaka kupanga chikwawa, ndipo mita imodzi ija yosiyanitsa madzi ndi pamwamba pa khoma imatsala theka. Mitengo imamera, anthu n'kumaisiya chifukwa cha mthunzi kapena poganiza kuti mizu ikugwira dothi. Mizu ya bulugamu kapena mkuyu imaboola khoma kutsata madzi, ndipo mtengowo ukadulidwa kapena kuuma, mizu imawola n'kusiya timipata. Chiswe chimamanga m'kati, nkhanu ndi mbewa zimakumba mauna. Kumunsi kwa khoma, komwe kumakhala chinyontho chokoma, oumba njerwa amakumba nkhuti ndipo alimi amadzala nthochi ndi nzimbe, osadziwa kuti akuchotsa phazi limene khomalo laimira.

Madzi otuluka kuseri kwa khoma ndiwo amaulula za m'kati. Damu lililonse la dothi limadontha pang'ono, ndipo madzi oyera, otuluka mofanana chaka ndi chaka, sadetsa nkhawa. Akayamba kutuluka ofiira kapena amatope, akamachuluka damu lisanakwere, kapena pakaoneka kadzenje kotitimira pamwamba pa khoma, ndiye kuti madzi akunyamula dothi la m'kati ndipo apanga njira. Njira yotere imakula mwakachetechete kwa miyezi, kenako khoma limatha kuphulika m'maola ochepa, ngakhale tsiku lopanda mvula. Pa madamu okhala ndi paipi yachitsulo, dzimbiri limaboola paipiyo ndipo madzi amatsata m'mbali mwake. Pa opanda paipi, alimi ena amadula kangalande pamwamba pa khoma kuti madzi atsikire ku madimba, zomwe zili zoopsa kuposa zonsezi.

Ngalande yotayira madzi ndiyo imazunzika kwambiri, ndipo nthawi zambiri amaiwononga ndi anthu a zolinga zabwino. Madzi akamachepa, alimi amaitseka ndi matumba a mchenga kumapeto kwa dzinja kuti damu lisunge ochulukirapo, kenako amaiwala kuchotsa matumbawo mvula ikamayamba. Ena amatchingapo ukonde kapena mpanda wa bango kuti makumba ndi milamba isathawe, zinyalala n'kumaunjikana pamenepo. Ena amalimamo, poti ndi malo afulati a chinyontho. Kwina ngalandeyo imakokoloka kuyambira kumunsi, chigwembe n'kumabwerera chaka ndi chaka mpaka kufika pa damu penipeni. M'maiko onse, kusefukira pamwamba pa khoma ndi kubooka kwa m'kati ndizo zifukwa ziwiri zazikulu zimene madamu a dothi amagumukira, ndipo zonse ziwiri zimapereka zizindikiro nthawi isanathe kwa munthu amene akuyang'ana.

Lamulo linachedwa kufika pa nkhaniyi. Lamulo la madzi la 2013, limene linalowa m'malo mwa la 1969, linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority ndipo lili ndi gawo lonena za chitetezo cha madamu. Limaika udindo pa mwini damu, ndipo limapatsa bungwelo mphamvu zoyendera damu ndi kulamula kuti likonzedwe. Malamulo ofotokoza kagwiritsidwe ntchito kake anatuluka mu 2018, ndipo bungwe lenilenilo linatenga zaka zingapo kuti liyambe kugwira ntchito mokwanira. Kwa damu la mwini wodziwika, dongosolo limeneli limagwira. Lilongwe Water Board ili ndi mainjiniya ake, ndipo inamanga Kamuzu Dam II mu 1989, n'kulikweza mu 1999 kufika pa malita 19.8 biliyoni. Kamuzu Dam I nalo linakwezedwa ndi mamita 7 ndi ngongole ya European Investment Bank kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020, kuti lizisunga malita pafupifupi 25 biliyoni. Nkhalango ya Dzalanyama, kumene madzi a madamuwa amachokera, yotetezedwa kuyambira 1922, itayamba kutha ndi makala, asilikali a Malawi Defence Force anatumizidwa kukailondera. Madamu awiriwa ali ndi makasitomala olipira mabilu, obwereketsa ndalama ofuna malipoti, ndi mzinda wonse umene ungafuule madzi atasowa.

Damu la kumudzi lilibe chilichonse mwa izi. Bungwe la dziko lonse lapansi loona za madamu akuluakulu, ICOLD, limawerengera damu kukhala lalikulu ngati khoma lake lafika mamita 15, kapena ngati lili pakati pa mamita 5 ndi 15 n'kumasunga malita oposa 3 biliyoni. Madamu a m'madambo a Lilongwe ali kutali ndi muyezo umenewo, motero sakopa akatswiri kapena ndalama. Amene amawakhudza ndi ambiri: nthambi ya ulimi wothirira imaona za sikimu, nthambi ya madzi imaona za mtsinje, a zosamalira nthaka amaona za kumtunda, a zansomba amabweretsa mbewu ya nsomba, a zaziweto amaona za ng'ombe, khonsolo ya boma inalandira mphamvu zachitukuko potsatira lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998, ndipo mfumu ndiye mwini dambo. Aliyense ali ndi chonena pa madziwo. Khoma lokha ndilo lilibe amene bajeti yake imalitchula. Apa mwambi wakale uja woti madzi saiwala khwawa umakhala chenjezo lenileni kwa okhala kumunsi: dambo limene linatchingidwa zaka 60 zapitazo likadali njira ya madzi.

Ndipo okhala kumunsi achuluka. Boma la Lilongwe, kupatula mzinda, linali ndi anthu oposa 1.6 miliyoni mu 2018. Pamene damu linkamangidwa, kugumuka kwake kukanangogwetsa tsekera ndi bango. Lero kungakokolole madimba, mapampu, mlatho wa pamsewu wopita kumsika kapena kuchipatala, ndi nyumba zomangidwa m'mbali mwa dambo. Kutayika kwa madzi a chaka chonse nakonso ndi ngozi payokha kwa mabanja amene ndalama za feteleza ndi fizi amazipeza m'chilimwe. Kuti damu la pafamu likhoza kupha zinaoneka ku Solai m'dziko la Kenya pa 9 Meyi 2018, pamene khoma la dothi la damu lothiririra linaphulika usiku n'kupha anthu 48 m'midzi ya kumunsi. Ku Zambia, damu la Kandesha ku Mumbwa linasefukira mu Disembala 2020 n'kugwetsa nyumba zambiri. Kuno kwathu, mu Malichi 2019 anthu a mumzinda wa Zomba anachenjezedwa kuti damu la Chagwa, pamwamba pa phiri, likhoza kugumuka. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anang'amba mbali ya damu la Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 a magetsi. Ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anapha anthu oposa 1,000 kumwera. Lilongwe ali kutali ndi njira ya anamondwe, koma mvula ya maola ochepa imakwanira: mu Febuluwale 2017 Lingadzi anasefukira n'kuwononga nyumba ku Mtandire. Chilala nachonso chimavulaza khoma. M'zaka zouma ngati 2016 ndi 2024 dongo limang'aluka, ndipo mvula yoyamba yamphamvu imalowa m'ming'alu imeneyo.

Kumene madamu akalewa akusamalidwa, ntchitoyo ikugwiridwa ndi komiti ya damu kapena bungwe la alimi othirira, mothandizana ndi mfumu ndi mlangizi wa ku ofesi ya zaulimi ya m'deralo (EPA), monga ya Mpingu, Ukwe, Demera, Chileka kapena Ming'ongo. Zochita zake sizifuna makina. Mu Okutobala amatchetcha khoma kuti ming'alu ndi mauna zioneke, amazula timitengo tikadali tating'ono, amafukula chiswe n'kukwirira ndi dongo lotsindira, amachotsa matumba ndi mipanda m'ngalande yotayira, ndipo amadzala vetiva m'mbali mwa dambo. Amapatula malo omwetsera ng'ombe kutali ndi khoma, amaletsa kuumba njerwa kumunsi kwake, ndipo mvula yaikulu ikagwa amatuma munthu kukaona pamene madzi afika. Makomiti olimba amatolera ndalama pa mlimi aliyense akakolola. Ofooka amangokumana pakabwera alendo a bungwe. Zina sangazithe okha ngakhale atalimba bwanji. Kudula mtengo waukulu umene unazika kale mizu m'khoma, kusintha paipi yowola, kukulitsa ngalande yotayira kapena kukweza khoma kumafuna injiniya, ndipo kuchita zimenezi mwachisawawa kumafulumizitsa ngozi yomwe akufuna kupewa.

Ndondomeko yaikulu ya ulimi wothirira ya 2015 mpaka 2035 inapeza kuti Malawi ali ndi mahekitala pafupifupi 408,000 oyenera kuthirira, ndipo pa nthawiyo othiriridwa anali pafupifupi 104,000. M'chidikha cha Lilongwe, momwe mitsinje yambiri imaphwa m'chilimwe, kuwonjezera malo othirira kumadalira madzi osungidwa, kutanthauza madamu atsopano komanso akale okonzedwa. Lamulo la madzi la 2013 ndi la ngozi zogwa mwadzidzidzi la 2023 akupereka mphamvu zokwanira zochitira zimenezi. Chimene chatsalira m'mbuyo ndi ntchito ya pansi: kulemba damu lililonse m'kaundula, kutchula mwini wake ndi dzina, kuwerenga nyumba ndi minda ya kumunsi kwake, ndi kutumiza injiniya kukaliona mvula isanayambe. Pa madamu ambiri a m'madambo a Namitete, Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, lamulo lonena kuti mwini damu ndiye ayankhe silingagwire ntchito mpaka mwiniyo atadziwika.